Mutu 6: Nambala Imene Felistus Anatchula

1. Malamulo a foni

Felistus Nkhoma atamaliza mayeso a giredi 12, atate ake anamuchotsa ku Matero ndi kumutumiza ku Mtendere kuti akathandize azakhali ake pashopu podikira zotsatira. Azakhaliwo, mayi Virginia, anagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri. Atapuma pantchito, m'nthawi ija boma linamasula malonda kuti aliyense ayese mwayi wake, anatsegula kashopu ka mankhwala pafupi ndi msika. Ankagulitsa mankhwala a mutu, mabandeji, maneti a udzudzu ndi klorini wothira m'madzi akumwa.

Mtendere yonse inkawatchula kuti Ba Sisita. Mwana akatentha thupi, amayi ake ankayamba afika kwa Ba Sisita. Iwo akanena kuti, "Uyu ngwa kukiliniki, osati wa pashopu pano," munthu ankapita osatsutsa.

Kale malonda awo ankawalemba pa katoni yokhoma pachitseko, koma mvula inkafufuta zilembo. Chaka chimenecho mafoni a m'manja anali atafalikira m'makomboni, ndipo Ba Sisita anagula imodzi ya pashopu. Makasitomala amene ankafuna ankasiya manambala awo, ndipo katundu akafika ankalandira uthenga wachidule: maneti abwera, klorini watsika mtengo. Popeza maso a azakhali anali atayamba kufooka, wolemba mauthengawo anali Felistus.

Ntchitoyo inali yopepuka. Cholemera chinali malamulo ake. Foni inkakhala yokhoma ndi nambala yachinsinsi, imene azakhali ankaisintha kawirikawiri. Uthenga uliwonse ankayamba auwerenga okha, atavala magalasi, liwu ndi liwu, usanatumizidwe. Ukakhala ndi mawu akuti "achiritsa" ankalamula kuti ufufutidwe. Felistus ankaona kuti malamulowo achuluka kuposa katundu wa m'shopumo.

Tsiku lina kunamveka maliro a alamu a azakhali ku Katete. M'mawa mwake azakhali anaima pakhomo la shopu, chikwama chili m'manja, nayambanso nkhani ya foni.

"Ba anti, namvela," anatero Felistus. "Munakamba dzulo, munakamba na dzana."

"Ndinenanso lero, ndipo ndikabwera ndidzanenanso," anayankha azakhali m'Chichewa chozama chimene anachiphunzira kwa atate awo ochokera ku Kasungu. "Iwe ukuona kachitsulo ka mabatani. Ine ndikuona pakamwa panga. Uthenga ukachoka m'foni iyi, wolandira saona chala chimene chalemba. Amaona dzina langa basi, ndipo amamva ngati ndaima pakhomo pake ndikulankhula naye. Pepala la pachitseko likanama umaling'amba. Koma uthenga wouluka m'mwamba sungauthamangire, madzi akatayika saoleka. Anthu awa sanandipatse manambala awo chifukwa cha nkhope yanga. Ena ndinawalandira ndi manja angawa tsiku lobadwa. Ena ndikudziwa matenda awo amene ngakhale abale awo sawadziwa. Munthu wodwala amakhulupirira msanga, mwanawe, chifukwa watopa. Tsono foni iyi isatuluke pakhomo pano, ndipo nambala isatuluke pakamwa pako. Ngakhale abwere abusa, ngakhale abwere atate ako, ngakhale abwere mwana wanga wobereka ndekha."

"Olo Moven?"

"Makamaka Moven."

Felistus anaseka, nawanyamulira chikwama mpaka pamene amakwerera minibasi.

2. Katoni ya Moven

Moven anali mwana wa Ba Sisita, choncho anali msuweni wake wa Felistus. Ankagwira ntchito pa fakitale ina yosoka matumba ku Heavy Industrial Area, mpaka pamene fakitaleyo inagulitsidwa, eni atsopano n'kuitseka. Kuyambira pamenepo anayesa salaula, malonda a zovala zakaunjika, anayesa mabatire a wailesi, anayesa nkhuku. Chilichonse chinkatha asanachizolowere. Ankakhala ku Chaisa m'kachipinda ka lendi, ndipo kwa amayi ake ankabwera mwa apo ndi apo.

Dzuwa lisanakwere, Moven analowa m'shopu atasenza katoni paphewa.

"Mkazi wanga, wagona bwanji?" anatero, monga asuweni amasekerana.

"Ba anti kulibe."

"Niziba. Ndiye chifukwa nabwela."

Anatsegula katoniyo. M'kati munali mabotolo a madzi ofiirira, lililonse lomatidwa pepala la chithunzi cha mkango. Dzina lake linali Mtsitsi wa Mkango. Moven anafotokoza kuti wopanga anali munthu wina wa ku Chaisa wodzitcha Dokotala Mukupa, ndipo iye anali atasankhidwa kukhala wogulitsa wake mbali yonse ya Mtendere ndi Kalingalinga.

"Apa pashelefu sipangakhale," anatero Felistus.

"Sinifuna shelefu. Nifuna chabe meseji imozi." Anamuonetsa mawu amene anali atalemba kale pa foni yake:

"Mtsitsi wa Mkango wafika! Upoletsa shuga, chifuwa chachikulu na matenda yaja. Mukamwa, mapilisi ya ku kiliniki mungaleke. Ine Ba Sisita nauyesa."

Felistus anawerenga, nayang'ana msuweni wake.

"Ba anti banauyesa liti?"

"Bazauyesa bakabwela."

"Tuma na foni yako."

"Iwe Feli, ganiza. Ine nikatuma, bantu bazakamba ati ni kawalala, ni wakuba. Koma ikachokela pa nambala ya ba mami, mawa katoni yasila. Nizakugulila na nsapato."

"Siningachite."

Moven sanachoke. Anakhala pa benchi ya makasitomala, natambasula miyendo kotero kuti aliyense wolowa ankamulumpha. Anadya zitumbuwa zimene Felistus anasungira nkhomaliro. Mayi wina atabwera kudzagula mankhwala a mutu, Moven anamuuza kuti mutu wakewo ndi chiyambi cha shuga, mpaka mayiyo anatuluka osagula kanthu. Felistus akamukalipira, iye ankaseka. Akakhala chete, iye ankayambanso.

Chakumadzulo anasintha mawu.

"Iyi shopu ni ya ba mami banga," anatero motsitsa. "Iwe wabwela manje manje, ndiwe uziba nambala. Ine mwana wao nili monga mlendo. Uona monga ni bwino?"

Mawuwo anamukhudza Felistus pang'ono, koma anapukusa mutu, natenga loko wa pachitseko. Anafika kunyumba mutu ukuwawa, ngati wakhala tsiku lonse pafupi ndi chigayo.

3. Mzere wa klorini

M'mawa mwake kunagwa mvula yamphamvu, ndipo ngalande za mumsika zinasefukira. Kunamveka mphekesera yoti kolera wayamba mbali ina ya mzinda. Pamene Felistus ankatsegula shopu, anthu anali ataima kale pamzere kufuna klorini.

Anali yekha. Wina ankafuna kuti amufotokozere kathiridwe kake, wina ankadandaula za chenji, mwana wina ankalira kumsana kwa amake osaleka. Madzi ankadontha kudenga n'kumagwera pa katoni ya mabandeji.

Pakati pa zonsezi Moven analowa. Tsikulo analibe katoni. Anavala malaya oyera ositidwa bwino.

"Feli, va mabotolo nasiya," anatero. "Kuli nchito ku weyahausi ku Heavy Industrial. Kapitao akuti nimutumile foni pakalibe kukwana naini. Yanga ilibe thokitaimu."

"Yembekeza. Nizakutumila neka mzele ukasila."

"Mzele uyu uzasila mawa. Nchito izapita."

"Yembekeza."

Anadikira pang'ono, nayambanso. Anamuitana dzina mobwerezabwereza. Anauza anthu a pamzere kuti msuweni wake akumumana ntchito chifukwa cha kafoni. Agogo ena anati, "Mupaseni chabe, mwana wanga, nchito ni yovuta masiku yano." Felistus anasokoneza chenji cha munthu, nayamba kuwerenganso.

Atatembenuka anaona kuti Moven watambasula dzanja kuseri kwa kauntala, watenga foni pashelefu, ndipo akudina mabatani.

"Bweza."

"Niyesa chabe. Ni chaka chamene ba mami banabadwa? Yakana. Kapena changa? Yakana futi." Anaonetsa Felistus galasi la foniyo. "Ona, ikamba ati nikalakwisa futi izavalika yonse. Ba mami bakabwela bazapeza foni yakufa. Niyese?"

Mwana uja analira kwambiri. Bambo wina anamenya kauntala ndi botolo. Chimene Felistus ankafuna panthawiyo chinali chimodzi chokha, kuti Moven achoke pamaso pake. Anatchula nambalayo mokweza, anthu onse a pamzere akumva.

"Tuma, usilize, uchoke."

"Muno mulibe netiweki," anatero Moven, natuluka nayo.

Mzere unapitirira. Felistus ankaponya maso pakhomo, koma sankatha kusiya kauntala. Pamene Moven anabwerera, mvula inali itakata ndipo klorini anali atatsala pang'ono kutha. Anaika foni pashelefu, nati, "Zikomo, mkazi wanga," natuluka mofulumira osafotokoza za kapitao.

Felistus anaitenga. Inali yofunda ngati yakhala padzuwa. Malo osungira mauthenga otumizidwa anali opanda kanthu, ngakhale aja a maneti anali atafufutidwa. Thokitaimu yonse imene azakhali anasiya inali itatha.

4. Mauthenga awiri

Sipanapite nthawi, foni inayamba kulira. Ena ankangoiliza n'kudula kuti awayimbire, ena ankalemba kufunsa mtengo. Kenaka anthu anayamba kubwera okha.

"Nipaseniko ija ya mkango."

"Sitigulisa."

"Nanga iyi meseji?"

Aliyense ankatulutsa foni yake. Mawu anali omwe aja a dzulo, koma kumapeto kwake kunawonjezedwa kuti mabotolo akupezeka pa siteshoni ya maminibasi. Pamwamba pa uthengawo panali dzina limene aliyense analisunga m'foni mwake: Ba Sisita.

Felistus anakhoma shopu nathamangira kusiteshoni, akulumpha zithaphwi. Anapeza Moven ataika katoni pa tebulo la munthu wogulitsa masiwiti, anthu atamuzungulira. Mabotolo anali atatsika kufika pakati.

"Unaninamiza," anatero Felistus.

"Ni bizinesi chabe. Palibe azafa na mizu."

"Bweza ndalama za bantu, ubauze chilungamo."

Moven anamukokera pambali. "Ninakunamiza, inde. Koma nambala sininakube. Unakamba weka, na bantu banamvela. Ukauza ba mami, uyambe na ija."

Felistus anamusiya pomwepo. Anapita pa kantemba kogulitsa makadi a foni, nagula kamodzi ndi ndalama zake zimene ankapeza poluka anzake tsitsi. Atabwerera kushopu analemba uthenga wina: "Uthenga wa Mtsitsi wa Mkango ndi wabodza. Ba Sisita sanalembe. Musasiye mankhwala a kukiliniki." Anautumiza kwa onse amene khadiyo inakwanira.

Ankaganiza kuti nkhani yatha. Koma anthu anabweranso, tsopano atakwiya.

"Manje tikhulupilile iti?" anafunsa bambo wina wosoka nsapato. "Yonse yabili yachokela pa nambala imozi. Kuseni Ba Sisita bakuti imwani, masana Ba Sisita bakuti osamwa. Kapena iwe ndiwe waba foni?"

Mayi wina ananena kuti wamva kuti mtsikana wa pashopu wachita nsanje chifukwa sanamugawire phindu. Wina anabweretsa botolo lotsegula kale, akufuna kuti Felistus amubwezere ndalama. Felistus anafotokoza chinthu chimodzimodzi kwa aliyense mpaka mawu anasasa, ndipo palibe amene anatuluka wokhutira.

Dzuwa litapendeka kunabwera Ba Marjory, mayi wogulitsa tomato mumsika. Sanafunse za mtengo. Anadikira kuti anthu atuluke, nasendera pafupi ndi kauntala.

"Ba Sisita babwela liti?"

"Pa Sabata."

"Ni kutali." Anatsitsa mawu. "Bamuna banga, Ba Kasoma, bamamwa mapilisi yaja ya masiku yonse. Ni Ba Sisita banabapeleka ku kiliniki, benze pafupi kufa. Lelo baona meseji, bagula mabotolo, bakuti mapilisi basiya. Benze bafuna kuyataya mu chimbuzi, ine nayabisa mu saka ya unga."

"Baonetseni meseji yachibili."

"Baiona. Bakuti ija yoyamba ili na mau ya Ba Sisita, iyi inangu yalembewa na mwana. Iwe sibangakumvele. Ine sibanimvela."

Ba Marjory atachoka, Felistus anakhala pa benchi foni ili m'manja. Akanatha kudikira Sabata. Akanatha kunena kuti Moven anaiba foniyo iye ali kuchimbudzi. M'malo mwake anagula khadi ina, naimba nambala ya mphunzitsi wina wa ku Katete, mnansi wa pamaliropo, napempha kuti awaitanire Ba Sisita.

Anawauza zonse, kuyambira pa katoni mpaka pa saka ya ufa, osasiya za nambala imene anatchula yekha. Kumbali inayo kunkamveka nyimbo ya amayi chapatali.

"Zimitsa foniyo," anatero azakhali. "Ndikwera basi ya m'mawa."

5. Kunyumba kwa Ba Kasoma

Azakhali anafika tsiku lotsatira masana, duku la pamaliro likadali kumutu. Sanakhale pansi. Anatenga foni, navala magalasi, nasintha nambala yachinsinsi atatembenukira kukhoma. Kenaka anayang'ana Felistus.

"Sindikumenya, ndipo sindikubweza ku Matero," anatero. "Koma umve. Ukanakhala kuti unagulitsa nambala ija chifukwa cha nsapato, ndikanadziwa kuti ndikulimbana ndi dyera. Iwe unaipereka chifukwa chotopa, ndipo chimenecho ndicho chikundiopsa. Wakuba wochenjera sathyola chitseko. Amagogoda, amagogoda, mpaka mwini nyumba atsegule kuti agone. Moven ndi mwana wanga, ndikumudziwa. Ali wamng'ono ankalira pakhomo la khitchini mpaka ndimupatse shuga, ndipo ndinkamupatsa kuti ndipume. Lero ndi uyu. M'moyo mwako adzabwera ambiri otere, ena ovala bwino kuposa iye, ena olankhula mokoma kuposa iye. Sadzakupempha kuti uchite choipa. Adzangokupempha kanthu kakang'ono pa nthawi imene manja ako ali odzaza. Foni ikanatsekeka, tikanapita kutauni kukaitsegulitsa, tsiku limodzi likanatayika basi. Tsopano taona chimene chatseguka."

"Pepani, ba anti."

"Pepani ukanene kwa amene wadwala. Tiye."

Anadutsa kuseri kwa msika, m'tinjira ta matope, mpaka pa nyumba ya midadada imene panja pake panali matabwa ndi mipando yosamaliza. Ba Kasoma anali kalipentala, bambo wamtali wowonda. Anawapeza atakhala pampando, botolo la mkango lili pafupi ndi phazi lawo. Ataona Ba Sisita anafuna kuimirira, koma iwo anawaletsa ndi dzanja.

"Felistus, auze bambowa zimene unachita."

Felistus anagwada, nafotokoza. Ba Kasoma anamvetsera akuyang'ana pansi. Atamaliza, anatembenukira kwa Ba Sisita.

"Ndimwe munanitenga kunipeleka ku kiliniki," anatero pang'onopang'ono. "Ndimwe munakamba ati nisaleke olo siku imozi. Manje naona zina yanu pa foni, ati ningaleke. Nenze nakondwela, Ba Sisita. Ninauza na bana ati tate wanu apola. Ninagona bwino koyamba."

Ba Marjory, amene anaima pakhomo, anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Azakhali anatola botololo, nalitsegula, nalinunkhiza, naliika patali.

"Bambo Kasoma, ndikanakonda kuti uthenga uja ukhale woona," anatero. "Tsiku limene mankhwala ochiza adzapezeke, sindidzakutumizirani uthenga pafoni. Ndidzabwera ndi miyendo yanga, ndidzagogoda pachitseko ichi, ndipo tidzapita limodzi kukiliniki kuti adokotala akakuuzeni pamaso. Lero tsikulo silinafike. Mapiritsi aja sachotsa matenda, amawagoneka. Mukawasiya, matenda amadzuka, ndipo nthawi zina amadzuka ataphunzira kulimbana ndi mapiritsiwo. M'botolo ili sindikudziwa muli chiyani. Amene wakugulitsani sadziwanso, ngakhale ndi mwana wanga. Mipando iyi ikufuna mwini wake aimalize. Ana aja akufuna atate awo, osati uthenga wokoma."

Ba Kasoma anatembenukira kwa akazi awo. Kenaka anati, "Amake bana, leta."

Ba Marjory analowa m'nyumba, natuluka ndi kabotolo koyera kali ndi ufa pachivindikiro. Azakhali anawauza kuti mawa lake apite kukiliniki akanene masiku amene anadumpha, osabisa.

"Nanga mawa meseji inangu ikabwela, nizaziba bwanji kuti ni yanu?" anafunsa Ba Kasoma.

"Funso limenelo ndabwera nalo m'basi kuchokera ku Katete," anayankha azakhali. "Kuyambira tsopano pashopu padzakhala bolodi, ndipo sabata iliyonse ndidzalembapo liwu limodzi ndi dzanja langa. Uthenga wanga udzathera ndi liwu limenelo. Wopanda liwulo si wanga. Ndipo ngakhale liwulo likhalepo, uthenga wokuuzani kuti musiye mankhwala musaumvere. Bwerani mudzandione nkhope."

6. Nambala yachilendo

Ba Marjory anawaperekeza. M'njira azakhali ankatchula mayina a anthu ena odwala amene anafunika kuwayendera tsiku lomwelo, ndipo Felistus ankawasunga m'mutu. Analipo ambiri, ena kutali ngati ku Kalingalinga. Miyendo ya azakhali inali itatupa ndi ulendo wa basi, ndipo ankayenda akupuma.

"Ndinapita kukalira maliro amodzi," anatero, "ndabwerera kudzaletsa ena."

Atatsala pang'ono kutulukira pamsika, foni ya Ba Marjory inalira m'chitenje. Anaitulutsa, nawerenga, naima.

"Ba Sisita, foni yanu ili kuti?"

"Ili m'chikwama muno, yozimitsa."

Ba Marjory anapereka foni yawo kwa Felistus kuti awerenge mokweza. Uthengawo unachokera pa nambala yachilendo. Felistus anayamba kuwerenga, mawu ake akucheperachepera:

"Ine Ba Sisita nachinja nambala. Yakale inabewa, osamvela vamene ituma. Mtsitsi wa Mkango ukali kupezeka. Ofuna, onanani na mwana wanga Felistus pashopu, ndiye asunga mabotolo."

Azakhali anatseka maso kwa kanthawi.

"Ndiye kuti sanangotumiza uthenga," anatero. "Anakoperanso manambala a anthu anga onse."

"Ba anti, ine nilibe botolo olo imozi."

"Ine ndikudziwa. Koma Mtendere yonse yawerenga."

Anakhota pa ngodya ya msika. Pakhomo la shopu panali gulu la anthu, ena atagwira mabotolo, ena mafoni. Pambali pa ngalande panaima galimoto yoyera ya boma. Bambo wina wovala jekete, mmodzi wa oyendera mashopu a mankhwala, ankagwedeza loko wa pachitseko, ndipo wapolisi anaima kumbuyo kwake. Wosoka nsapato uja atawaona analoza ndi chala, anthu onse n'kutembenuka.

Bambo wa jeketeyo anasiya loko, nayenda kudzakumana nawo. Sanayang'ane Ba Sisita. Anayang'ana mtsikana amene anali atagwirabe foni ya Ba Marjory m'manja.

"Felistus ndiwe?" anafunsa.